Kukonza botolo la mkaka wa mwana kunyumba: njira iti ndi yodalirika?

Chitini cha mkaka wa ana chikhoza kukhala chatsopano, chomata bwino, tsiku lake lotha ntchito lili kutali, koma ufa uli m'katimo si wopanda majeremusi. Mafakitale amaumitsa mkakawo ndi kuuyeza, komabe palibe kapangidwe ka ufa kamene kamatsimikizira kuti simunatsale kachilombo ngakhale kamodzi. Mabakiteriya awiri ndi amene amadetsa nkhawa kwambiri: Salmonella, amene amatsegulitsa m'mimba ndipo nthawi zina amalowa m'magazi, ndi Cronobacter sakazakii, amene kale ankatchedwa Enterobacter sakazakii. Cronobacter amapirira pouma, moti amakhala ndi moyo mu ufa kwa miyezi yambiri, ndipo akalowa m'thupi la khanda amatha kuyambitsa matenda a m'magazi kapena oumitsa khosi. Sizichitikachitika, koma zikachitika zimatha kupha kapena kuwononga ubongo. Kumapeto kwa 2017 kampani ya Lactalis inachotsa pamsika mkaka wopangidwa ku Craon m'dziko la France ana atadwala Salmonella, ndipo mu February 2022 kampani ya Abbott inachita zomwezo ndi mkaka wa kufakitale yake ya ku Sturgis, Michigan, m'dziko la America, kumene oyendera anapeza Cronobacter. Kachilombo kamathanso kulowa m'chitini kunyumba kwanu komweko, kudzera pa supuni yonyowa, m'manja kapena pathebulo.

N'chifukwa chake malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe la zachakudya ndi ulimi la FAO anatulutsa mu 2007 anatsindika zinthu ziwiri. Choyamba, madzi osungunulira ufa asachepere madigiri 70 a Celsius, kutentha kumene kumapha mabakiteriyawa. Chachiwiri, mkaka ukasakanizidwa usakhale pofunda nthawi yaitali, chifukwa pa kutentha kwa thupi mabakiteriya otsala amachuluka kawiri lisanathe ola limodzi. Njira iliyonse yokonzera botolo tiziiyeza pa mafunso awiriwa: kodi ufa wakumana ndi madzi otentha mokwanira, nanga mkakawo ukhala kuti ndipo kwa nthawi yaitali bwanji mwana asanamwe?

Ana onse sali pangozi yofanana. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi makanda osakwana miyezi 2, obadwa masiku osakwana, obadwa ndi sikelo yochepera makilogalamu 2.5, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka. Njira imene ingapiririke kwa mwana wathanzi wa miyezi 9 si yoyenera khanda la masabata atatu. Kuyamwitsa bere kulibe mavuto onsewa, koma pano tikunena za nyumba imene botolo lafunika.

Botolo limodzi, nthawi yomwe mwana akufuna

Iyi ndiyo njira yoyezera zina zonse. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani pamalo pokonzera. Thirani madzi atsopano m'ketulo, osachepera lita imodzi, muwiritse mpaka abwadamuke. Lita imodziyo ili ndi chifukwa chake: madzi ochuluka chonchi, ali m'ketulo yotseka, amakhalabe pamwamba pa madigiri 70 kwa mphindi pafupifupi 30, pamene kapu imodzi ya madzi imazizira m'kanthawi kochepa. Ambiri amamva lamuloli molakwika, amayesa akuti dikirani mphindi 30. Ayi, mphindi 30 ndi malire oti musapitirire. Mukathira pakatha mphindi 10 kapena 15 palibe cholakwika.

Madzi ayambe kulowa m'botolo, ufa pambuyo. Ikani botolo pathebulo, muwerame, maso akhale pamlingo umodzi ndi mzere, chifukwa botolo la m'manja limapendekeka n'kukunamizani. Kuyamba ndi madzi n'kofunika chifukwa ufa nawo umatenga malo. Madzi a 90 ml ndi masupuni atatu amatulutsa mkaka wa 100 ml kapena kuyandikira pamenepo. Mukayamba ndi ufa n'kuthira madzi mpaka pa 90, madziwo achepa ndipo mkaka wakhala wamphamvu mopitirira.

Gwiritsani ntchito kasupuni kamene kabwera m'chitini chomwecho. Mitundu yambiri imafuna supuni imodzi pa madzi a 30 ml, koma ina, makamaka ya ku America, imafuna supuni imodzi pa 60 ml, ndipo ngakhale masupuni ooneka ofanana sanyamula ufa wofanana. Tapani mosatsendera, musalaze pamwamba ndi mpeni woyera wouma kapena m'mphepete mwa chitini ngati pali posalazira. Usiku muziwerenga mokweza. Mukasokonezeka pakati, osadziwa ngati mwathira anayi kapena asanu, tayani muyambirenso. Ufa wotayikawo ndi wochepa poyerekeza ndi vuto la muyeso wolakwika.

Nkhani ya muyeso tiime nayo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene makolo achikondi amavulaza mwana osadziwa. Mkaka wochuluka ufa umalemetsa impso za khanda, umachulukitsa mchere m'magazi, umadzimbitsa ndiponso umaumitsa thupi, ngakhale mwanayo akuoneka kuti akumwa bwino. Mkaka wochuluka madzi, umene ena amapanga kuti chitini chikhalitse, umasiya mwana ndi njala ndipo sikelo yake imaima. Zikapitirira, mchere wa m'magazi umatsika mpaka mwana kukomoka ndi kugwedezeka thupi. Kuwonjezera supuni kuti agone nthawi yaitali, kuthira shuga kapena phala m'botolo, zonsezi n'zosayenera. Mwana wosakwana miyezi 6 amamwa pafupifupi 150 mpaka 200 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ngati sakukhuta, onjezani kuchuluka kwa mkaka wokonzedwa bwino, osati mphamvu yake.

Mukathira ufa, ikani kamphira koyamwira mogwira m'mphepete mokha, mangani mphete, vindikirani, kenako khutchumulani mpaka ufa wonse usungunuke. Chivindikiro musaiwale: nthunzi imakankha mkaka wotentha n'kuufwaphula pakabowo ka kamphira. Ziziritsani botolo pampopi wa madzi ozizira kapena m'mbale ya madzi ozizira, koma madziwo asafike pamphete, chifukwa sanawiritsidwe. Pukutani botolo, donthezani mkaka pang'ono m'kati mwa mkono pafupi ndi dzanja. Mkaka uzimveka wofunda chabe, kapena wosamveka n'komwe.

Botolo lokonzedwa limwedwe asanathe maola 2. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limawonjeza kuti mwana akayamba kumwa, botololo lithe m'kati mwa ola limodzi, chifukwa malovu amabwerera m'mkaka ndi majeremusi a m'kamwa. Wotsala utayidwe, osasungira chakudya chotsatira, ngakhale m'firiji.

Vuto la njirayi aliyense amalidziwa: nthawi. Kuwiritsa, kudikira, kusakaniza ndi kuziziritsa kumatenga mphindi zambiri mwana akulira. Chothandiza ndi kuyamba msanga, akangoyamba kutembenuza mutu ngati akufunafuna, kunyambita milomo kapena kuyamwa zala. Kulira kumabwera pambuyo pa zizindikiro zimenezi. Vuto lina ndi kupsa. Musathire madzi otentha mwana ali m'manja kapena pamiyendo.

Fulasiki ya madzi otentha

Kwa ife, iyi ndi njira yabwino kwambiri ya usiku, ya paulendo, ndi ya nyumba yopanda firiji, chifukwa imachotsa kudikira popanda kutaya chitetezo chilichonse. Tsukuluzani fulasiki yoyera ndi madzi owira kuti ifunde m'kati, tayani madziwo, kenako idzazeni mpaka pakhosi ndi madzi ongophulidwa kumene, mutseke zolimba. Fulasiki yabwino, yodzaza ndi yotseka, imasunga madzi pamwamba pa madigiri 70 kwa maola angapo. Ufa muyezeretu m'kabotolo kouma koyera, muyeso wa chakudya chimodzi pachokha. Mwana akadzuka mungothira madzi m'botolo, kuthira ufa, kukhutchumula ndi kuziziritsa.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Fulasiki ya theka imazizira msanga kuposa yodzaza, ndipo nthawi iliyonse mukatsegula mumalowa mpweya wozizira, choncho botolo lachitatu la usiku womwewo silipangidwa ndi madzi otentha ngati loyamba. Mafulasiki amasiyananso, ena akakalamba kapena akagwa sasunganso kutentha. Ndi bwino kuyesa yanu kamodzi ndi choyezera kutentha cha kukhitchini: idzazeni madzulo, muyeze pakatha maola 3, muyezenso pakatha maola 6, mudziwe malire ake. Ikhale ya madzi a mwana okha, osaikamo zakumwa zina.

Chimene simuyenera kuchita ngakhale kamodzi ndi kusunga mkaka wosakaniza kale m'fulasiki kuti ukhale wofunda. Umatsika pang'onopang'ono kufika pa kutentha kumene mabakiteriya amakonda kwambiri, n'kukhala pamenepo maola ambiri. Pa njira zonse zimene anthu amayesa, imeneyi ndiyo yoopsa koposa. Chimodzimodzi kukulunga botolo m'nsalu kapena kulisiya m'chofunditsira mabotolo usiku wonse.

Kupangiratu mabotolo angapo n'kusunga m'firiji

WHO imalola njirayi, koma ndi mfundo zimene zonse ziyenera kukwaniritsidwa. Botolo lililonse lipangidwe ndi madzi osachepera madigiri 70, liziziritsidwe msanga m'madzi ozizira, lilowe m'firiji nthawi yomweyo. Firijiyo isapitirire madigiri 5, ndipo mkaka umwedwe asanathe maola 24. Ikani mabotolo kumbuyo kwa shelefu, osati pachitseko, pamene kutentha kumakwera nthawi iliyonse wina akatsegula. Lembani nthawi pa botolo lililonse, poti usiku mabotolo onse amafanana.

Mabotolo osiyanasiyana ndi abwino kuposa jagi imodzi yaikulu. Mkaka wambiri pamodzi umachedwa kuzizira pakati pake, ndipo nthawi yonse imene ukutsika pang'onopang'ono ndi mpata wa mabakiteriya. Kuika botolo lotentha m'firiji osaliziziritsa kulinso ndi vuto lomwelo, ndipo kumafunditsa zina zonse zili pafupi.

Pofunditsa, imikani botolo m'madzi ofunda osapitirira mphindi 15, mukuligwedeza apa ndi apo. Microwave ayi: imatenthetsa mosafanana, botolo n'kumveka lofunda kunja pamene m'kati muli malo otentha moti angawotche pakamwa pa mwana. Botolo lofunditsidwa silibwereranso m'firiji. Ndipo kufunditsako sikokakamiza, ana ambiri amamwa mkaka wosafunda popanda vuto akazolowera.

Njirayi imadalira firiji imene simukuikayikira. Mafiriji ambiri a m'nyumba amakhala ofunda kuposa mmene eni ake amaganizira, makamaka akadzaza kapena mphira wa pachitseko ukatha, choncho choyezera kutentha cha m'firiji n'chofunika. Kumene magetsi amazimazima, iwalani za njirayi. Mukadzuka n'kupeza kuti anazima usiku osadziwa nthawi yake, mabotolo onse ndi otaya. Potuluka m'nyumba, botolo limene lazizira m'firiji kwa ola limodzi kapena kuposerapo likhoza kunyamulidwa m'chikwama chosunga kuzizira pamodzi ndi madzi oundana. Bungwe la zaumoyo la NHS la ku Britain limati limwedwe asanathe maola 4, ndipo popanda madzi oundana malire ndi maola 2 omwe aja. Kwa khanda losakwana miyezi 2 kapena lobadwa masiku osakwana, sitingasankhe njirayi pamene fulasiki ilipo.

Madzi otentha pang'ono, ozizira pamwamba, ndi makina ochita zomwezo

Ena amasungunula ufa m'madzi otentha ochepa, kenako n'kuwonjeza madzi owiritsa ozizira kuti mkaka ukhale womwekera pomwepo. Maganizo ake ndi omveka, koma pali mabowo awiri. Madzi otentha ochepa, mwachitsanzo 30 kapena 40 ml, akakumana ndi botolo lozizira ndi masupuni anayi a ufa wozizira, amatsika pansi pa madigiri 70 m'kamphindi, ufa wina usananyowe n'komwe. Bowo lachiwiri ndi muyeso: ufa ukalowa, mizere ya pabotolo sikuuzaninso zoona, choncho madzi ozizirawo ayenera kuyezedwa padera m'botolo lina loyera, kuti otentha ndi ozizira akaphatikizana akwane ndendende mlingo wolembedwa pachitini. Ngati mukuumirira njirayi, madzi otentha akhale ochuluka ndithu, ongochoka m'ketulo kapena m'fulasiki, ufa wonse usungunuke musanathire ozizira, ndipo ozizirawo akhale owiritsidwa tsiku lomwelo ndi osungidwa motseka.

Makina ambiri okonzera mabotolo amagwira ntchito mofananamo. Amatulutsa madzi otentha pang'ono, inu n'kuthira ufa, kenako amadzaza ndi madzi ozizira odutsa m'sefa koma osawiritsidwa. Ubwino wake ndi liwiro, botolo limakonzeka m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Koma ofufuza a ku Swansea University mu 2023 anapempha makolo kuti ayeze madzi a m'makina awo kunyumba, ndipo makina ambiri oyezedwawo sanafikitse madzi pa madigiri 70, pamene ambiri mwa ogwiritsa ntchito ketulo anafikitsa. Palinso sefa yofunika kusinthidwa pa nthawi yake, ndi timapaipi ta m'kati tosaoneka, timene timakhala tonyowa nthawi zonse. Makina a mtundu wina amasunga ufa okha n'kuusakaniza ndi madzi ofunda chabe. Amenewa sapha chilichonse mu ufa, ndipo ufa ukaundana potulukira muyeso umasokonekera inu osaona. Amene ali nawo kale makina aziyeza kutentha kwa madzi oyambawo nthawi ndi nthawi, azitsuka monga mwa malangizo a opanga, ndipo pa miyezi iwiri yoyambirira ya mwana abwerere ku ketulo.

Madzi owiritsa ozizira okhaokha

Mayiko sagwirizana pa nkhaniyi. Ku Australia malangizo wamba amati madzi owiritsa azizire mpaka afunde chabe musanathire ufa, ndipo ku America madzi otentha amalimbikitsidwa makamaka kwa ana a pachiopsezo aja. Zifukwa zawo ndi kuopa kupsa, kuchepa kwa matendawa mwa ana athanzi okulirapo, ndi kuti kutentha kumachepetsako mavitamini ena monga C. Zifukwazi si zachabe. Koma dziwani chimene mwasinthanitsa: madzi ali bwino, ufa sunaphedwe majeremusi, ndipo chitetezo chanu chokha chatsala ndi nthawi. WHO imaloleza njirayi pamene madzi owira palibe, ndi lamulo loti mwana amwe pomwepo. Mkaka wopangidwa chonchi si wosunga, si wonyamula paulendo.

Pali mitundu ya mkaka imene pachitini pamalembedwa kutentha kotsika. Ina ili ndi mabakiteriya othandiza m'mimba amene amafa m'madzi otentha, ina ndi yolimbitsidwa kuti ithandize ana obwezabweza ndipo imaundana ikakumana ndi madzi a madigiri 70. Mkaka wotere uzigwiritsidwa ntchito adokotala akalangiza, ndipo uzimwedwa ukangopangidwa.

Mkaka wa ana wamadzi, wokonzeratu

Uwu umatenthetsedwa kufakitale n'kutsekedwa wopanda majeremusi, choncho nkhani ya ketulo, supuni ndi madigiri imatheratu. Kwa khanda lobadwa masiku osakwana kapena lodwala, ndiponso pamene madzi abwino asowa, palibe njira yoposa imeneyi. Ndi wodula kwambiri kuposa waufa, wolemera kunyamula, ndipo supezeka paliponse, n'chifukwa chake ambiri amaugwiritsa ntchito masabata oyambirira okha kapena paulendo. Ukatsegulidwa umasanduka mkaka ngati wina aliyense: utsekedwe, ulowe m'firiji, uthe m'maola 24 kapena 48 malinga ndi zolembedwa papaketi. Botolo lothiramo liyenerabe kukhala lophedwa majeremusi.

Werengani paketi mosamala, chifukwa pali wamadzi wa mtundu wina wokhuthala umene umafuna kusakanizidwa ndi madzi mlingo wofanana. Kumwetsa wokhuthalawo osathira madzi, kapena kuthira madzi mu wokonzeratu, ndi muyeso wolakwika womwe uja. Mkaka wa ng'ombe wamba wa m'paketi, mkaka waufa wa akuluakulu ndi mkaka wotsekemera wa m'chitini si mkaka wa makanda, ndipo sulowa m'malo mwake kwa mwana wosakwana miyezi 6.

Kupha majeremusi m'mabotolo

Njira zonsezi zimagwa ngati botolo lili ndi mkaka wakale m'makona. Kutsuka kumayamba, ndipo palibe makina amene angalowe m'malo mwake, chifukwa mafuta a mkaka ouma amabisa majeremusi ku nthunzi ndi ku mankhwala. Masulani zonse, botolo, mphete, kamphira ndi timavavu ngati tilipo. Tsukani ndi madzi otentha a sopo mwana akangomaliza kumwa, ndi burashi ya mabotolo okha. Kamphira mukatembenuze kunja, mufinye madzi adutse pakabowo, kenako mutsukuluze zonse ndi madzi oyera.

Kuwiritsa m'poto sikufuna chida chapadera. Zonse zimire m'madzi, musatsale mpweya m'mabotolo, poto akhale wovindikira, ziwire mphindi 10 malinga ndi NHS, ngakhale CDC imati 5 zikwana. Kuipa kwake n'koti timphira timatha msanga, choncho muzitiyang'ana ngati tang'ambika, tatupa kapena tayamba kumata, ndipo musachoke pamoto, poti madzi akaphwa pulasitiki imasungunuka. Makina a nthunzi, a magetsi kapena oika mu microwave, amachita ntchito yomweyo m'mphindi zochepa. Mabotolo ndi timphira ziyang'ane pansi kuti nthunzi ilowe, ndipo madzi athiridwe mlingo wolembedwa, osachepera, osapitirira.

Mankhwala a klorini opangidwira mabotolo a ana, amadzi kapena a mibulu, amagwira m'madzi ozizira, choncho ndi othandiza paulendo ndi pamene moto kapena magetsi ndi ovuta. Sungunulani pa muyeso wolembedwa, zinthu zimire zonse popanda thovu la mpweya, zikhale mphindi 30 kapena nthawi imene opanga alemba, ndipo madziwo asinthidwe maola 24 aliwonse. Pochotsa, kutumulani madzi otsala kapena tsukuluzani ndi madzi owiritsa ozizira, osati a pampopi. Mabokosi a kuwala kopha majeremusi kotchedwa UV ndi ouma ndi achangu, koma kuwala kumapha pokhapo pamene kwafika, ndipo m'kati mwa kamphira ndi m'mizere ya mphete mumakhala mthunzi. Pa zinayi, UV ndi imene tingaidalire pang'ono.

Botolo likatuluka, musalipukute ndi nsalu ya mbale. Ngati simuligwiritsa ntchito pomwepo, limangeni lonse ndi chivindikiro chake, ndi manja osamba, kuti m'kati musalowe kanthu. NHS imalangiza kupitiriza kupha majeremusi mpaka mwana akwane miyezi 12. Kumene madzi ndi okayikitsa, musafupikitse nthawiyi.

Ngati kutsuka mabotolo bwinobwino n'kosatheka, kapu yaing'ono yopanda chivindikiro ndi yabwino kuposa botolo, chifukwa ilibe makona obisika. Ngakhale khanda limatha kumwera m'kapu: likhale mokhala tsonga pang'ono, kapu ikhudze mlomo wapansi, mkaka ungofika m'mphepete, lizinyambita lokha. Musathire mkaka m'kamwa mwake.

Madzi enieniwo, ndi chitini

Madzi ozizira a pampopi, otungidwa kumene n'kuwiritsidwa, ndi okwanira kumene madziwo ndi abwino kumwa. Musatunge kumpopi wa madzi otentha, chifukwa amakhalitsa m'thanki ndipo amasungunula zitsulo za m'mapaipi. Musabwereze kuwiritsa madzi omwewo kangapo, poti akamaphwa mchere wake umachuluka. Madzi ogula a m'botolo sanaphedwe majeremusi, nawonso amafuna kuwiritsa, ndipo muone zolembedwa: mchere wa sodium usapitirire 200 mg pa lita, wa sulphate usapitirire 250 mg pa lita. Madzi a pachitsime ali ndi vuto lina limene moto suthetsa. Feteleza ndi zimbudzi zapafupi zimalowetsa mchere wotchedwa nitrate m'madzi, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa, kumangomuchulukitsa. Nitrate wambiri amalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya, mwana n'kuyamba kuoneka wobiriwira milomo ndi zala. Malire a WHO ndi 50 mg pa lita, ndipo njira yodziwira ndi kuyezetsa madziwo. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa asanawiritsidwe.

Chitini chikhale pouma, pozizira, chotseka, osati m'firiji mmene chinyezi chimaundanitsa ufa. Lembani tsiku lotsegula pachivindikiro, poti opanga ambiri amati chithe m'masabata 4. Supuni ikagwa pansi kapena ikanyowa, itsukidwe ndipo iume kotheratu isanabwerere m'chitini.

Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika madigiri 38, likakana kumwa, likafooka kapena kugona mosadzutsika, likalira mosatonthozeka, likasanza mobwereza kapena kutsegula m'mimba, pitani nalo kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Nyamulani chitini chimene mukugwiritsa ntchito, musachitaye: pansi pake pali nambala ya gulu la mkakawo, imene achipatala amafuna ngati akukayikira ufa.